Fayilo ya munthu izigona kuti? Kuchokera pa kaundula wa msonkho mpaka pa seva ku Machinga ndi Balaka

M'chaka cha 1998 dera la Balaka lidapatulidwa ku Machinga n'kukhala boma palokha. Pa mapu ntchitoyi sidali yovuta, poti mtsinje wa Shire udali utalemba kale mbali yaikulu ya malire: kum'mawa kuli kwa Kawinga ndi kwa Nyambi, kumadzulo kuli kwa Nsamala ndi kwa Kalembo. Chovuta pogawa boma chimakhala m'makabati. Mphunzitsi wa ku Phalula ali ndi fayilo, mlandu wa malire a munda ku Utale uli ndi fayilo, mkangano wa ufumu ku Ulongwe nawonso uli ndi yake, ndipo pepala silikhala malo awiri nthawi imodzi. Likatsala ku ofesi yakale, wa ku ofesi yatsopano amagwira ntchito mongopapasa; likasamuka, otsala amaiwala pomwe nkhani idayambira. Funso lomwe akalaliki amakumana nalo pa nthawi ngati imeneyo ndi lomwelo likuvutitsa lero aliyense woyang'anira makompyuta a khonsolo, a chipatala kapena a sukulu. Zolemba za wantchito zizigona pa kompyuta ya pa tebulo lake, kapena pa seva, kompyuta imodzi yotsekeredwa m'chipinda chakechake, imene onse amaifikira kudzera pa netiweki? Ine ndikuti zizigona pa seva. Koma mbiri ya maboma awiriwa ikuonetsa kuti kusunga pamalo amodzi kudapindulitsa anthu pokhapokha mwini nkhani akatsala ndi kope m'manja, ndiponso wosunga makiyi akakhala ndi womufunsa.

Kachitidwe kake n'kosavuta kumva. Wantchito aliyense amapatsidwa dzina lolowera ndi mawu achinsinsi, ndipo pa seva amamutsegulira foda yakeyake. Akakhala pa kompyuta iliyonse ya mu ofesimo n'kulowa, makalata ake, malipoti ake ndi mawerengero ake a ndalama amaoneka ngati ali m'makina omwe wakhalapowo, pomwe kwenikweni akubwera pa waya kuchokera ku seva. Kompyuta ya pa tebulo ikafa kapena ikabedwa, chatayika ndi chitsulo basi. Nzeruyi ndi yakale kuposa kompyuta ya pa tebuloyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pa sukulu ya MIT ku America, anthu ambiri ankagwiritsa ntchito makina amodzi aakulu nthawi imodzi, aliyense ali ndi malo ake osungirapo otetezedwa ndi mawu achinsinsi, ndipo Unix itabwera idapitiriza mwambowo popatsa munthu aliyense foda yake. Makompyuta ang'onoang'ono ndiwo adamwaza zinthu m'zaka za m'ma 1980, aliyense n'kuyamba kusunga payekha, moti akatswiri adayambanso kufunafuna njira yosonkhanitsira zomwe zidamwazikazo. Sun Microsystems idapanga NFS mu 1984, Novell idafalitsa NetWare m'maofesi, Samba idatuluka mu 1992 kuti seva ya Unix izitumikira makompyuta a Windows. Kwa ife chofunika kwambiri ndi chomwe Microsoft idaika mu Windows 2000: foda imakhala pa seva, koma kompyuta ya wantchito imasungako kope, kuti netiweki ikaduka munthu apitirize ntchito, ikabwerera ziwirizo zigwirizane.

Kwathu kuno kaundula wa pamalo amodzi adabwera pambuyo pa mfuti. Asilikali a boma la Harry Johnston atagonjetsa Kawinga pa phiri la Chikala mu 1895, chomwe chidakhazikika m'derali ndi msonkho wa nyumba, ndipo msonkho sutoleredwa popanda mndandanda wa anthu. Lamulo la 1912 lidaika anyakwawa ndi mafumu pansi pa bwana wa pa boma n'kuwasenzetsa ntchito yothandiza kutolera, ndipo malamulo a 1933 adapatsa mafumu akuluakulu makhoti ndi alembi awo. Motero dzina la bambo wa kwa Nyambi linkagona m'buku lomwe mwiniwake sankaliona, lolembedwa ndi munthu yemwe sakadamutsutsa. Komabe ngakhale atsamunda, omwe ufulu wa munthu wakuda sunali pamtima pawo, adaona kuti buku lokha silikwanira. Wokhoma msonkho ankalandira chiphaso, ndipo chiphasocho ndicho chinkamupulumutsa amesenjala akatulukira m'mudzi kudzagwira osakhoma. Kalaliki akadumpha dzina, kapena ndalama ikathera m'thumba la wotolera, kapepala kameneko ndiko kankatsutsa buku la ku boma. Dongosolo lonselo lidali lankhanza, palibe wolikometsa, koma m'kati mwake mudali chinthu chimodzi chomwe chidakhalitsa kuposa atsamundawo: nkhani imodzi, malo awiri, amodzi mwa malowo ali m'manja mwa mwini.

Kuipa kounjika zonse pamodzi kudaonekera msanga. Mu Febuluwale 1919 moto udapsereza likulu la maofesi a boma ku Zomba, ndipo mafayilo ambiri a zaka 28 zoyambirira za ulamuliro wa Angerezi adasanduka phulusa. Zambiri zomwe olemba mbiri amadziwa lero za nthawi imeneyo amazitola m'makalata omwe adatumizidwa ku London, m'mabuku omwe mabwana ankasunga m'maboma awo, ndi m'zolemba za amishoni. Ofesi yosunga zolemba zakale za dziko idatsegulidwa ku Zomba mu 1947, patapita zaka zambiri chichitikireni ngoziyo. Wina akhoza kuwerenga nkhaniyi ngati umboni woti kusonkhanitsa n'koopsa. Ine ndikuona kuti motowo udalanga kusowa kwa kope lachiwiri, pakuti chilichonse chomwe chidali ndi mnzake kwina chidapulumuka. Seva yomwe zosunga zake sizikoperedwa usiku uliwonse n'kukaikidwa m'nyumba ina ili pa ngozi yomweyo ya mu 1919, kungoti masiku ano moto wake ukhoza kukhala mphenzi, magetsi obwera ndi mphamvu yopitirira, kapena vairasi yotseka mafayilo n'kumafuna dipo.

Amishoni adali ndi njira yawo, yomwe ikugwirabe ntchito. Ku Utale, komwe ansembe a Montfort adatsegula mishoni mu 1908, monga m'maparishi onse a Katolika, ubatizo umalembedwa m'buku la parishi ndipo mkhristu amatenga khadi. Akakakwatira ku Bulawayo kapena ku Johannesburg, uthenga umayenera kubwerera ku parishi yomwe adabatizidwira kuti ukalembedwe pambali pa dzina lake. Munthu ayende motani, pali malo amodzi odziwika pomwe mbiri yake yonse imakumana. Amuna omwe adapita ku migodi kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Theba adalawa mbali ina ya nkhaniyi. Kaundula wa zaka zomwe adagwira adatsala ku South Africa, m'manja mwa olemba ntchito, ndipo ambiri omwe mapepala awo adadyedwa ndi chiswe kumudzi avutika zaka zambiri pofuna kutsimikiza kuti adalowadi pansi pa mgodi. Kaundulayo alipo, koma ali kutali ndipo makiyi ake ali ndi ena.

Umboni wolemera kwambiri uli ku chipatala. Aliyense amene adaimapo pa mzere pa chipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde kapena cha Balaka amalidziwa buku la kuchipatala: lopindika m'makona, lokulungidwa m'kajumbo ka shuga, mayi atalipanira m'chitenje pamodzi ndi ndalama ya kabaza, m'kati mwake muli zolemba za madokotala osiyanasiyana, ena a cholembera chofiira, ena osawerengeka n'komwe. Bukuli lili ndi ubwino womwe seva iliyonse ingausirire. Silifuna magetsi, limapita kulikonse komwe wodwala wapita, kaya ku Ntaja kaya ku Mbera, ndipo mwini ndiye amasankha womuonetsa. Koma limanyowa, limapsa, limatayika. Madzi osefukira ngati a mu Januwale 2015, pomwe Machinga idali m'gulu la maboma okhudzidwa, satenga mbuzi ndi chimanga zokha. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, zidaonekeratu kuti mankhwala a moyo wonse sangadalire buku la m'chitenje lokha. Wodwala aliyense adatseguliridwa khadi lalikulu lotsala ku chipatala, dzina lake n'kulowanso mu kaundula wa pa kiliniki, iye n'kutenga kachiphaso kake. Chiwerengero cha odwala chitakula, makadi aja adadzaza mashelefu, ndipo apa m'pamene ntchito ya bungwe la Baobab Health, yomwe idayambira pa chipatala chachikulu cha Lilongwe mu 2001 n'kufalikira m'zipatala zambiri za m'maboma, idaonetsa njira. Pa tebulo la namwino pankaikidwa kakompyuta kongodina pa galasi, kosasunga kanthu. Zonse zinkapita ku seva yomwe ili pa chipatala pomwepo, yoyendera mabatire kuti magetsi akazima mzere usaime. Ndipo kamakina kena kankasindikiza kapepala komata kokhala ndi timizere ta nambala ya wodwala, n'kukamata m'buku la kuchipatala lomwe lija. Amene adakonza dongosololi sadalande buku m'manja mwa mayi uja. Adalilumikiza ku seva, ndipo seva adaiika pafupi.

Tsopano tiyerekeze zimenezi ndi momwe makompyuta adalowera m'maofesi ambiri a m'maboma. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidatsitsira ntchito zambiri ku makhonsolo, ndipo makompyuta adabwera m'njira zosiyanasiyana: ina ya pulojekiti ya zaulimi, ina ya bungwe lothandiza pa zaumoyo, ina yogulidwa ndi ndalama zotsala kumapeto kwa chaka. Adalandiridwa ngati mataipi atsopano, aliyense ndi yake. Kale kalata yolowa kapena yotuluka inkadutsa ku ofesi yosunga mafayilo, komwe kalaliki ankaipatsa nambala, kuiboola, kuimanga ndi kachingwe m'fayilo yake n'kulemba amene waitenga. Kompyuta itabwera, kalata idayamba kubadwira pa laputopu ya bwana n'kufera pomwepo. Lipoti la miyezi itatu limayenda pa fulashi yomangidwa ku makiyi a njinga yamoto, kuchoka pa kompyuta ino kupita pa iyo, likutola mavairasi m'njira, mpaka pakhale makope asanu osiyana, onse otchedwa omaliza. Ndiye kubwere kalata yosamutsa munthu, zomwe m'boma sizichedwa. Mkulu wa mapulani akapita ku Karonga ndi laputopu yake, mndandanda wa mijigo yomwe idakumbidwa, makalata a makontirakitala ndi mawerengero a zaka zingapo amapita naye, osati mwa kuba, koma chifukwa panalibe pena poziika. Wolowa m'malo amayamba ndi kuimba foni kupempha kuti amutumizire pa WhatsApp. M'maboma awiri omwe kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 ku Machinga ndi oposa 400,000 ku Balaka, kuiwala kotere kumasanduka mjigo wolipiridwa kawiri kapena penshoni ya mphunzitsi yochedwa zaka. Foda ya pa seva ikungobwezeretsa ntchito yomwe kalaliki wa kachingwe uja ankagwira, ntchito yomwe tidaitaya osazindikira.

Wotsutsa woyamba anena za magetsi, ndipo sakunama. Damu la Kamuzu ku Liwonde, lomangidwa mu 1965, ndilo limawongolera madzi oyendetsa makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma midzi yambiri yoyandikana nalo imagona mumdima. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo maofesi ankatha maola ambiri magetsi atazima. Ngati mafayilo onse ali pa seva, akutero wotsutsayo, ndiye kuti seva ikazima ofesi yonse yakhala manja lende, pomwe wa laputopu akadapitiriza. Yankho lili pa zomwe a zaumoyo adachita kale. Seva ya mu ofesi momwemo sifuna intaneti. Imafuna waya wa m'nyumba ndi magetsi ochepa, ndipo kuika kompyuta imodzi pa sola ndi mabatire n'kotsika mtengo kuposa kuteteza makompyuta 30 omwazikana. Kuwonjezera apo laputopu ikhoza kusunga kope la foda n'kudzagwirizana ndi seva pambuyo pake. Pomwe wotsutsayu akulondola kotheratu ndi pa mtunda. Kuuza wantchito wa ku Nayuchi kapena ku Chikweo kuti kalata iliyonse aziitsegula kuchokera ku Lilongwe n'kumulepheretsa ntchito dala. Nyumba yosungiramo zinthu za boma za pa kompyuta yomwe idatsegulidwa ku Blantyre mu Julayi 2022 ndi malo abwino a kope lachiwiri, koma foda ya tsiku ndi tsiku iyenera kukhala pomwe waya waufupi ungafike.

Wotsutsa wachiwiri ndi woopsa kuposa uyu, chifukwa amatchula Cashgate. Dongosolo la IFMIS, lomwe boma lidakhazikitsa mu 2005, lidasonkhanitsa malipiro a maunduna pa maseva a ku Lilongwe, ndipo mu Sepitembala 2013 zidaululika kuti anthu ankalowetsamo malipiro a ntchito zomwe sizidachitike, kutulutsa macheke, kenaka n'kufufuta zomwe adalowetsazo. Kampani ya Baker Tilly idapeza kuti m'miyezi 6 yokha ndalama zoposa K13 biliyoni zidatayika kapena kulipiridwa mosayenera. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adauza aphungu kuti anthu ena adalowerera makina a nthambi yoona zolowa ndi zotuluka n'kumafuna dipo. Ena adati gwero lake lidali mkangano wa yemwe ali ndi ulamuliro pa makinawo. Kaya choona ndi chiti, ntchito ya mapasipoti m'dziko lonse idaima chifukwa cha makiyi amodzi. Izi siziyenera kupeputsidwa. Koma tiyang'anitsitse chomwe chidalakwika pa Cashgate. Anthu ankabwerekana mawu achinsinsi, ndipo ena adali ndi mphamvu yolowetsa ndi kufufuta popanda wowaona. Komanso ofufuza adatha kutsata zambiri mwa zofufutidwazo chifukwa zidadutsa m'makina amodzi omwe amasiya mapazi, ndipo macheke enieniwo adali ku banki. Kubaku kukadachitikira pa malaputopu 200 a anthu osiyanasiyana, sipakadakhala poyambira. Chomwe Cashgate ikuphunzitsa woyang'anira seva ya khonsolo n'chakuti munthu aliyense alowe ndi dzina lake, chilichonse chochitika chilembedwe pamalo pomwe iye mwini sangafufute, ndipo kope la usiku lisungidwe ndi munthu wina, osati yemweyo wosunga seva.

Izi zikutifikitsa pa nkhawa yomwe ndimaimvetsa kwambiri, ya wantchito wamba. Foda ikakhala pa seva, woyang'anira makompyuta akhoza kuitsegula. M'menemo mungakhale kalata yodandaula za bwana, zotsatira za kuchipatala, kapena pempho la ntchito kwina. Anthu omwe makolo awo ankalembedwa m'buku kuti akhomeredwe msonkho, omwenso adakhala zaka pafupifupi 30 pansi pa chipani chimodzi pomwe khadi la chipani linkafunsidwa pa msika ndi pokwera basi, ali ndi chifukwa chokayikira aliyense wonena kuti bweretsani zonse tikusungireni. Kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, yemwe adalemba anthu oposa 9 miliyoni, adathandiza zambiri, koma adapanganso nambala imodzi yomwe lero imafunsidwa pogula feteleza wotsika mtengo, polembetsa nambala ya foni ndi polembetsa m'kaundula wa zisankho. Sindikhulupirira kuti yankho ndi kubwerera ku fulashi, pakuti laputopu yoiwalidwa m'minibasi pa Chingeni imaulula zinsinsi za anthu ambiri kuposa woyang'anira wokhulupirika. Yankho ndi malire olembedwa: foda ya ntchito ndi ya ofesi, ndipo wantchito auzidwe zimenezi tsiku lomwe akupatsidwa dzina lolowera, kutsegula foda ya munthu popanda iye kufune chilolezo cholembedwa cha anthu awiri, ndipo mwini foda akhale ndi ufulu woona amene adalowamo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2024, lomwe MACRA ikuyang'anira, lapereka poyambira, ngakhale lamulo la ku Lilongwe silidziwa zomwe zikuchitika m'kachipinda ka seva ku Liwonde ngati DC ndi makhansala safunsa.

Otsiriza ndi achinyamata a mu ofesi, omwe amati zonsezi n'zachikale poti Google ndi Microsoft amasunga kale mafayilo pa intaneti. Zoona, ndipo kumeneko nakonso ndi kusunga pa seva, kungoti sevayo ndi ya eni ake, ili kunja kwa dziko, imalipiridwa m'madola, ndipo kuifikira kumadya bandulo. Choipa kwambiri n'chakuti ambiri amasunga zinthu za boma pa akaunti yawoyawo ya Gmail, moti akachoka ntchito kapena akamwalira, khonsolo ilibe njira yotsegulira. Ofesi yomwe ingakwanitse kulipira akaunti za bungwe, zomwe makiyi ake ali ndi bungwelo, ichite zimenezo. Yomwe singakwanitse, kompyuta imodzi yolimba yokhala ndi Linux ndi Samba imagwira ntchitoyi popanda chiphaso cholipira. Ndalama yeniyeni imapita ku zinthu zomwe opereka thandizo sakonda kugula: mabatire omwe amafooka pakapita zaka zochepa, madisiki a makope, ndi malipiro a katswiri wokhazikika pa khonsolo yemwe sachoka pulojekiti ikatha. Patsalanso nkhani yomwe makhonsolo ayenera kuikambirana asadagule chilichonse, ya foda ya munthu wopuma ntchito. Fayilo ya pepala ikatsekedwa inkadikira zaka zake, kenaka n'kusankhidwa kuti iotchedwe kapena ipite ku Zomba. Lamulo la 1975 loyendetsa ofesi yosunga zolemba zakale lidalembedwa anthu akuganiza za mapepala ndi makabati, pomwe makalata a mafumu, malipoti a njala ndi mapulani a misika ya Ntaja ndi Ulongwe a zaka 20 zapitazi ambiri adabadwira pa kompyuta. Khonsolo iliyonse isankhe munthu, ndi dzina ndi udindo, woti wantchito akamachoka azikhala naye pansi, kupatula za iye mwini n'kumupatsa, za ntchito n'kuzipereka kwa wolowa m'malo, ndipo zoyenera kusungidwa mpaka kale azizitumiza ku Zomba m'mtundu wa fayilo womwe makompyuta a m'tsogolo adzathe kutsegula.